Bilu ya opaleshoni ya kakolo imene inabwezedwa kawiri

Ndakhala zaka 9 ndikulemba mabilu a madokotala a mafupa kuno ku Johannesburg. Ntchito yanga imayamba dokotala akavula magolovesi. Ndimatenga lipoti la opaleshoni, kulisandutsa manambala amene a medical aid, mabungwe olipirira mamembala awo chithandizo cha kuchipatala, amamva, kutumiza, kenako kulondola ndalamazo mpaka zitalowa. Nkhani ndikulembayi ndi ya m'bale wathu wa ku Malawi amene anachitidwa opaleshoni ya kakolo pogwiritsa ntchito kakamera, ija amati arthroscopy. Dzina lake, la chipatala ndi la bungwe la medical aid sinditchula, ndipo mwiniwake anavomera kuti ndifotokoze bola asadziwike. M'fiyeta anakhalamo mphindi zosakwana 90. Bilu yake inandidyera miyezi inayi, ndipo mbali ina ya vutolo ndinaliyambitsa ndine.

Wodwalayo ndi mwendo wake

Ndi bambo wa zaka 34 wochokera ku Dedza. Amakhala ku Rosettenville ndipo amayendetsa forklift m'nyumba ina yosungiramo katundu cha ku City Deep. Medical aid analowa kudzera kuntchito zaka zitatu opaleshoniyi isanachitike, pa pulani yotsika mtengo imene imalipira makamaka munthu akagonekedwa m'chipatala. Lamlungu masana amakankha chikopa ndi anzake a kumudzi, ndipo n'kumeneko anavulalira. Analumphira mpira wa m'mwamba, potera phazi lakumanja linapindikira mkati. Pofika usiku nsapato inali itakana kulowa.

Dokotala wa pafupi ndi kumene amakhala anamujambula X-ray, sanaone fupa lothyoka, n'kumuuza kuti wangobinya. Anamumanga bandeji, kumupatsa mankhwala opha ululu ndi masiku atatu opuma. Kutupa kunatha, koma mwendo sunabwerere mwakale. Panapita miyezi 14 akutsimphina pang'onopang'ono, akugwa potsika pa forklift, akupindikanso phazi akangoponda m'mphepete mwa msewu. Mawu amene anandiuza pambuyo pake ndimawakumbukirabe: “Achemwali, mwendowu umandithawa.” Ananenanso kuti nthawi zina mfundoyo inkagwira ngati mwalowa kamwala.

Kwa amene sadziwa mkati mwa kakolo: mafupa awiri a msongolo, tibia ndi fibula, amapana fupa lina lotchedwa talus ngati mbewa pa mpani. Pamwamba pa talus pali chicherewecherewe chosalala chimene chimathandiza kuti mafupawo asakhulane. Cha kunja kuli mitsempha yomanga mafupa, ndipo umene umaduka kawirikawiri phazi likapindikira mkati ndi wa kutsogolo, madokotala amaufupikitsa kuti ATFL. Dokotala wathu atagwira chidendene n'kuchikokera kutsogolo, anamva kuti mfundoyo ikusewera mopitirira. MRI, chithunzi choonetsa ngakhale minofu ndi mitsempha ya mkati mwa thupi, inaonetsa kuti ATFL inaduka kalekale ndipo inapola motayirira, komanso panali bala pa chicherewecherewe cha talus. Zinthu ziwirizi X-ray wamba imaziphonya nthawi zambiri, choncho dokotala woyamba uja sindimuimba mlandu.

Chilolezo

Opaleshoni yokonzekera siyamba popanda chilolezo cha a medical aid. Popempha chilolezocho amafuna nambala ya membala, tsiku, nambala ya dokotala ndi ya chipatala zimene zimaperekedwa ndi Board of Healthcare Funders, code ya matenda ya ICD-10, ma code a zimene dokotala akukachita, ndiponso mwendo wake, wakumanja kapena wakumanzere. Chomalizachi anthu amachipeputsa. ICD-10 imene timagwiritsa ntchito mu South Africa ndi ya bungwe la WHO, ndipo manambala ake sanena mbali ya thupi. Mbaliyo imangooneka pa chilolezo ndi m'lipoti la opaleshoni basi.

Dokotala analemba m'fayilo kuti akayang'ana ndi kamera, akayeretsa mfundoyo, ndipo akapeza kuti mtsempha ndi wotayirira wodwala ali mtulo, akausoka. Mnzanga wa pa desiki yolandirira odwala anatenga zimene zinali zotsimikizika zokha. Pa matenda analemba M25.57, kutanthauza kupweteka kwa mfundo ya kakolo, ndipo pa ntchito analemba 0667 ndi 0614, kuyang'ana ndi kamera ndi kuyeretsa mfundo yaikulu. Za kusoka mtsempha sanatchule. Pepalalo linadutsa patebulo panga. Ndinaona kuti 0675, code ya kukonza mtsempha wa m'mbali mwa kakolo, palibe, ndipo ndinadziuza kuti ndidzawonjezera opaleshoni ikachitika. Inachitika Lachisanu, Lolemba lake linali holide, Lachiwiri linandipeza ndili m'kati mwa mabilu a kutha kwa mwezi. Foni yokawonjezera code ija kwa a medical aid sindinaimbe.

Palinso china chimene chimandiwawa kuposa pamenepa. Wodwala aliyense timamupatsa pepala losonyeza mtengo umene dokotala adzalipiritse, ndipo amasaina. Bamboyu anasaina. Pepalalo linali m'Chingerezi ndipo linkanena kuti a medical aid adzalipira “100% ya mtengo wa bungwe”, zotsalazo ndi zake. Iye atamva 100% anamva kuti zonse zalipiridwa, monga mmene aliyense wophunzira masamu angamvere. Lamulo la National Health Act la 2003, gawo 6, limanena kuti wodwala auzidwe ubwino, zoopsa ndi mtengo wa chithandizo, ndipo pamene n'kotheka auzidwe m'chinenero chimene amamva. Apa zinali zotheka. Dzina la bambo ake pa fayilo linkachita kuonetseratu kuti ndi wa kwathu, ine ndinali chipinda chachiwiri kuchokera pamene anakhala, koma sindinatuluke.

Zimene zinachitika m'fiyeta

Lipoti la dokotala linali lomveka bwino, ndipo ndilo linatipulumutsa pambuyo pake. Wodwala anagonetsedwa, anamubayanso jakisoni wochititsa dzanzi kuseri kwa bondo kuti asamve ululu akadzuka, ndipo pa ntchafu anamanga lamba woletsa magazi. Dokotala anaboola timabowo tiwiri kutsogolo kwa kakolo, kena cha mkati, kena cha kunja. Pa kabowo ka kunjako amasamala kwambiri chifukwa pamadutsa mtsempha wa ubongo wotchedwa superficial peroneal, umene ukavulala pamwamba pa phazi pamachita dzanzi. Kabowo kamodzi n'kolowetsa kamera, kenako n'kolowetsa zida, ndipo amasinthanitsa.

Mkatimo anapeza minofu yotupa itadzaza m'ngalande ya kunja kwa mfundo, n'kuimeta ndi shaver. Anapeza kachidutswa ka chicherewecherewe kakuyandama, kamene kaja bamboyu ankati kamwala, n'kukachotsa. Pa talus panali bala la mamilimita pafupifupi 9. Anapala m'mphepete mwake mpaka kufika pa chicherewecherewe cholimba, kenako anaboola timabowo ting'onoting'ono pa fupa la pansi pake kuti magazi a m'mafuta a m'fupa atuluke n'kudzaza balalo. Njira imeneyi amati microfracture, ndipo imagwira bwino pa mabala ang'onoang'ono, osapitirira mamilimita 15. Atatha zimenezi anatulutsa kamera, anang'amba pang'ono cha kunja, n'kumangitsa ATFL ku fibula ndi ma anchor awiri a ulusi, tizikhomo tolowa m'fupa, monga mwa njira ya Broström ndi Gould. Wothandizira analipo, dokotala wamba. Madzulo a tsiku lomwelo wodwala anatuluka ndi pulasitala ndi ndodo ziwiri.

Kumudzi munthu ukachitidwa opaleshoni ku chipatala cholipira, umapita pawindo limodzi n'kupatsidwa pepala limodzi. Kuno opaleshoni imodzi imabala mabilu ambiri: ya dokotala wa mafupa pamodzi ndi wothandizira wake, ya dokotala wogonetsa, ya chipatala, ya ojambula, ya physio, ya amene anapereka nsapato ija amati moon boot. Aliyense amatumiza payekha, koma kompyuta ya a medical aid imawaika onse pansi pa chilolezo chimodzi n'kuona ngati akunena chimodzi. Athuwa sankanena chimodzi.

Kubwezedwa koyamba: matenda anali chiyani?

Patatha masabata atatu, mabilu atatu akuluakulu onse anaima. Nditapempha makope kwa anzanga a maofesi enawo n'kuwayala patebulo, ndinangogwira pakamwa. Chilolezo chinkati M25.57. Ine ndinalemba M25.37, kusakhazikika kwa mfundo. Ofesi ya dokotala wogonetsa inalemba S93.4, kubinya kwa kakolo, popanda china chilichonse. Chipatala chinatsatira chilolezo. Munthu mmodzi, mwendo umodzi, ola limodzi, koma nkhani zitatu.

Imene inasokoneza kwambiri ndi S93.4. Ma code oyamba ndi S ndi a kuvulala kwatsopano, ndipo malamulo a kalembedwe ka ICD-10 kuno amafuna kuti code yotere iyende ndi inzake yonena chimene chinavulaza munthuyo. Inzakeyo imakhala ndi zilembo zisanu, ndipo manambala awiri omalizira amanena malo ndi zimene munthuyo ankachita. Tsiku limene bamboyu anavulala, zolondola zikanakhala S93.4 ndi X50.30. Apa 3 akuimira bwalo la masewero, 0 akuimira kuti anali pa masewero. Akanagwa pa sikafodi ali pa ganyu yomanga, tikanalemba W12.62, 6 kutanthauza malo a zomangamanga, 2 kutanthauza kuti ankagwira ntchito yolipidwa. Timanambala timeneti si tokongoletsa pepala ayi. Ndi timene timauza a medical aid ngati pali wina woyenera kulipira. Ngozi ya pantchito imapita ku Compensation Fund motsatira lamulo la COIDA la 1993, ndipo ya pamsewu imakhudza Road Accident Fund.

Tsono a medical aid ataona code ya kuvulala yopanda chifukwa chake, pa munthu amene ntchito yake ndi yoyendetsa forklift, anatumiza fomu yofunsa kuti anavulalira kuti. Fomuyo inapita ku imelo imene bamboyu anatsegulitsa polowa ntchito ndipo sanaitsegulenso chitsegulireni. Zonse zinaima kudikira yankho limene mwiniwake sankadziwa kuti akufunsidwa.

Apa m'pamene ndinamuimbira foni koyamba. Ndinayamba m'Chingerezi mwachizolowezi, koma nditamva mmene ankayankhira ndinati, “Achimwene, tiyeni tilankhule chathu.” Anakhala chete kaye, kenako anapuma mozama. Anati mauthenga a pa foni onena za ndalama akhala akubwera, ndipo sabata yonse sanagone tulo, koma ankaopa kufunsa. Tsiku lotsatira anabwera pa ndodo zake, fomu ija tinalemba limodzi: anavulala Lamlungu, pa mpira, osati kuntchito, osati pamsewu.

Kenako ndinakhala pansi ndi dokotala mphindi khumi, lipoti lili patsogolo pathu. Code ya matenda sasankha kalaliki. Ine ndimangobweretsa zimene bukhu likunena, wosankha ndi amene anaona mkati mwa mfundo. Tinagwirizana kuti vuto lalikulu linali mtsempha wotayirira chifukwa cha kuvulala kwakale, ndipo code imene imanena zimenezi ndendende ndi M24.27, osati M25.37 imene ndinalemba ine. Pa bala la chicherewecherewe anasankha M24.17. Ena amakonda M93.2, osteochondritis dissecans, koma iye anati bala ili linachokera ku kuvulala kodziwika ndipo sakufuna kulitcha dzina la matenda ena. Kachidutswa koyandama kaja ndi M24.07. Nambala 7 imene ili kumapeto kwa ma code atatu tinasankhawa imaimira kakolo ndi phazi. Pomalizira tinaika T93.3, zotsalira za kubinya kwa mwendo, ndi Y86, zotsalira za ngozi. Ma code awiri omalizawa ndi amene amauza wowerenga kuti inde panali ngozi, koma ndi yakale. Mndandanda womwewo ndinautumiza ku ofesi ya dokotala wogonetsa ndi ku chipatala, ndipo onse anakonza.

Pempho la alamu ake

Sabata yomweyo bamboyu anabweranso, ulendo uno ali ndi alamu ake, bambo wachikulire amene wakhala ku Joni kuno zaka zambiri ndipo zinthu amazidziwa. Anandipatsa moni mwaulemu, anafunsa za kumudzi, kenako analowa m'nkhani. “Mayi, ife tamva kuti fupa likathyoka a medical aid amalipira zonse. Adokotala ananena okha kuti pa fupa panali bala. Bwanji osangolemba kuti linathyoka? Ndinu mwana wa kwathu, tithandizeni.”

Sankanama pa zimene anamvazo. Lamulo la Medical Schemes Act la 1998 linakhazikitsa zimene amati Prescribed Minimum Benefits, mwachidule PMB. Muli matenda 271 pamodzi ndi chithandizo chake, matenda okhalitsa 26, ndiponso chilichonse chadzidzidzi choika moyo kapena chiwalo pachiswe. Zimenezi bungwe lililonse liyenera kulipira mokwanira, ngakhale membala ali pa pulani yotsikitsitsa, bola atsatire malamulo monga kupita kwa madokotala amene bungwelo linasankha. Kuthyoka kwa mafupa a miyendo ndi manja kuli pa mndandandawo. Mtsempha wa kakolo wotayirira chifukwa cha kubinya kwakale palibe. Ndikanangosintha M24.17 kukhala S92.10, kuthyoka kwa talus kopanda bala la kunja, kompyuta ikanatha kuiona bilu yonse ngati ya PMB.

Ndipo kunena zoona, pali nthawi imene S92.10 imakhala yolondola. Munthu akavulala dzulo, chithunzi cha CT n'kuonetsa kuti kachidutswa ka fupa ndi chicherewecherewe chake kabenthuka pa talus, kumeneko n'kuthyoka ndithu, ndipo kalaliki amene angalembe kuti wangobinya wamulanda wodwalayo ufulu wake. Zoterezi ndinazionapo, ndipo ndinamenyera kuti bilu ikonzedwe. Koma apa panali patapita miyezi 14. X-ray yoyamba inati palibe chothyoka. MRI inati bala ndi lakale. Fomu imene tinali titangotumiza kumene inali ndi tsiku lenileni la ngoziyo, yosainidwa ndi dzanja lake.

Ndinawafotokozera kuti bodza limeneli woyamba kumupweteka ndi mlamu wawo yemweyo. Lamulo lomwe lija limalola bungwe kuchotsa membala amene watumiza bilu yachinyengo, ndipo gawo 59 limalola kuti bungwe lidzibwezere ndalama zimene linalipira molakwika. Dokotala naye akhoza kukayankha mlandu ku HPCSA, bungwe loyang'anira ntchito za madokotala, ine ntchito n'kutha. Komanso mbiri ya matenda imamutsata munthu. Tsiku lina akadzafuna inshuwalansi kapena opaleshoni ina pa mwendo womwewo, mapepala adzanena za fupa limene silinathyokepo.

Alamu aja sanakondwe. Anati, “Ndiye ubale uli pati?” Funso limenelo linandilasa, chifukwa ndikudziwa mmene ndalama ya kuno imavutira kupeza ndi pakamwa pangati pamene imadyetsa kumudzi. Ndinawayankha kuti ubale wanga ndi woti ndalama iliyonse imene a medical aid ayenera kulipira mwachilungamo ndiilondola mpaka itatuluka, ndipo za zotsalazo ndikalankhula ndi dokotala ndekha. Anatuluka osatsanzika bwino. Bamboyu anatsalira pang'ono pakhomo n'kunena chapansipansi kuti, “Pangani zimene zili zoona, achemwali.”

Kubwezedwa kwachiwiri: anachita chiyani?

Matenda atagwirizana, bilu ya dokotala wogonetsa inalipiridwa. Yathu ndi ya chipatala zinabwereranso, tsopano chifukwa cha ma code a ntchito.

Madokotala kuno amalemba ntchito yawo ndi ma code a manambala anayi a m'bukhu la South African Medical Association. Zipatala zimalemba opaleshoni yomweyo ndi ma code a manambala asanu a CCSA, amene anachokera ku CPT ya ku America. M'bukhu la manambala asanulo arthroscopy ya kakolo inagawidwa bwino: 29894 ndi kuchotsa kachidutswa koyandama, 29895 kuchotsako nembanemba yotupa ya mfundo, 29897 kuyeretsa pang'ono, 29898 kuyeretsa kwambiri, 29891 kupala ndi kuboola bala la pa talus kapena tibia. M'manambala asanuwa, chilolezo chathu chinali pa 29897. Chipatala chinalemba zimene zinachitikadi, 29891 pamodzi ndi 27698 ya kukonza mtsempha woduka kale. Kwa a medical aid zinaoneka ngati analoleza opaleshoni ina, n'kuchitika ina. Foni ija ndinalephera kuimba Lachiwiri lija ndi imene inabala zonsezi.

Ndinalemba kalata yopempha kuti chilolezo chikonzedwe, dokotala anasaina. Tinaphatikizapo lipoti la opaleshoni, lipoti la MRI, zithunzi zinayi zojambulidwa ndi kamera ya mkati ija, ndi tsamba la m'fayilo limene linasonyeza kuti za kusoka mtsempha dokotala anazilemba opaleshoni isanachitike. Tsamba limenelo ndi limene linagwira ntchito, chifukwa linaonetsa kuti cholakwika chinali cha mu ofesi, osati kuti dokotala anawonjezera ntchito ali m'fiyeta. Ma anchor awiri aja nawo anali ndi nkhani yawo. Chida chilichonse ndi mankhwala alionse zili ndi nambala yake ya NAPPI, ndipo pa pulani ya bamboyu zida zotsala m'thupi zinkalipiridwa kuchokera m'thumba lapadera lofuna chilolezo chakechake. Chilolezo cha 0675 chitatuluka, thumba limenelo linatseguka.

Pa bilu ya dokotala ndinali nditalemba ma code anayi: 0675, 0614, 0592 ndi 0667. Ntchito zingapo zikachitika munthu atagonetsedwa kamodzi, pamalowa modifier 0005, lamulo la m'bukhu losintha kawerengedwe ka ndalama. Ntchito yaikulu imalipiridwa yonse, yachiwiri 75%, yachitatu 50%, yachinayi ndi zotsatira 25%. Tiyerekeze kuti ntchito zitatu iliyonse ndi ya R4,000: sizikhala R12,000, zimakhala R4,000 kuphatikiza R3,000 kuphatikiza R2,000, zonse R9,000. Code ya 0667 payokha bukhu limanena kuti modifier 0005 siikhudza. Kompyuta ya a medical aid inaidula ndi 75% ngati ntchito yachinayi. Pamenepo ndinatsutsa, ndinawatumizira mawu a m'bukhumo, ndipo anakonza.

Pa 0592 ndinagonja ndine, ndipo ndinayenera kugonja. Code imeneyi ndi ya kuchotsa nembanemba yotupa ya mfundo yaikulu, synovectomy. A medical aid anati ntchitoyo ili kale mkati mwa 0614. Ndinawerenganso lipoti mofatsa. Dokotala sanalembe kuti anachotsa nembanemba ya mfundo yonse, analemba kuti anameta minofu yotupa m'ngalande imodzi. Ndinamufunsa maso ndi maso ngati anachita zoposa pamenepo. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti ayi, kunali kuyeretsa kuti aone bwino ndi kuchotsa chimene chinkapanikizika. Tinaichotsa. Makalaliki ambiri timagwa pamenepa, osati chifukwa cha kuba, koma chifukwa tinazolowera kuti mawu akuti synovitis akangooneka m'lipoti, dzanja limathamangira ku 0592. Ndi chizolowezi choipa, ndipo chimachititsa kuti a medical aid azikayikira ngakhale mabilu athu olungama.

Kuchotsa 0592 kunasinthanso ndalama ya wothandizira, chifukwa modifier 0009 imamupatsa 20% ya ndalama ya dokotala wamkulu. Ndinawerengeranso, n'kutumiza bilu yatsopano.

Nthawi yonseyi diso langa linali pa kalendala. Malamulo a pansi pa Medical Schemes Act amapereka mpata wotumiza bilu mpaka kutha kwa mwezi wachinayi kuchokera tsiku la chithandizo. Bungwe likaona cholakwika liyenera kudziwitsa membala ndi dokotala pasanathe masiku 30, likunena chifukwa chake, ndipo ife timakhala ndi masiku 60 okonza ndi kutumizanso. Bilu yabwinobwino iyenera kulipiridwa pasanathe masiku 30. Masiku amenewa ndimawalemba ndi cholembera chofiira pa chikuto cha fayilo, chifukwa bilu ikachedwa a medical aid amaikana, ndipo ngongole yonse imagwera wodwala amene sanalakwe kalikonse. Zikanakanika kumeneku, njira yotsatira inali kukadandaula ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira a medical aid, kumene membala salipira kanthu. Sitinafikeko.

Zotsala

Chipatala chinalipiridwa, kupatula ndalama imene pulani yake imafuna kuti membala apereke yekha pa opaleshoni za kamera. Dokotala wathu ndi wogonetsa analipiridwa pa mtengo wa bungwe. Apa m'pamene 100% ija inaonetsa nkhope yake yeniyeni. M'dziko muno mulibe mtengo umodzi wovomerezeka wa ntchito za madokotala. Mu 2004 Competition Commission inaletsa kuti mabungwe a madokotala, a zipatala ndi a medical aid azigwirizana mitengo pamodzi, ndipo mu 2010 khoti lalikulu ku Pretoria linathetsa mndandanda wa mitengo umene unduna wa zaumoyo unkatulutsa. Chiyambire pamenepo bungwe lililonse lili ndi mtengo wake, dokotala aliyense ali ndi wake, ndipo phompho la pakati limagwera wodwala. Ena amagula inshuwalansi yapadera yotseka phompholi, ija amati gap cover, koma siigulidwa nyumba itapsa kale. Bamboyu anali asanaimvepo n'komwe.

Zotsala za madokotala awiriwo pamodzi zinapitirira theka la malipiro ake a pamwezi, pa nthawi imene anali pakhomo osagwira ovataimu. Ndinalowa mu ofesi ya dokotala ndi fayilo m'manja, ndinamuuza kuti wodwalayu anasaina pepala limene sanalimve, ndipo ine amene ndikanamumasulira sindinatero. Dokotala anamvetsera, anafunsa kuti bamboyu amagwira ntchito yanji, kenako anadula gawo lake ndi theka n'kulola kuti chotsalacho chilipiridwe m'miyezi isanu ndi umodzi popanda chiwongoladzanja. Ku ofesi ya wogonetsa ndinaimba kawiri. Kudula anakana, koma analola kulipira pang'onopang'ono.

Mu ofesi mwathu tinasintha zinthu ziwiri. Popempha chilolezo tsopano timalemba ntchito zonse zimene dokotala akuganiza kuti mwina achita, ndipo lipoti la opaleshoni likangofika ndimaliyerekeza ndi chilolezo tsiku lomwelo, ma code a matenda n'kuwatumiza kwa wogonetsa ndi ku chipatala bilu iliyonse isanatuluke. Chachiwiri, pepala la mtengo lili ndi mizere itatu ya ndalama zenizeni m'malo mwa maperesenti: zimene dokotala akulipiritsa, zimene tikuyembekeza kuti a medical aid apereka, ndi zimene zituluke m'thumba la wodwala. Wodwala akakhala wa Chichewa amandiitana, akakhala wa Chizulu kapena Chisutu amaitana mnzanga, ndipo timamupempha kuti atiuze m'mawu ake ndalama imene wamva kuti alipira asanagwire cholembera.

Bamboyu anayenda pa ndodo masabata asanu ndi limodzi, kenako pa moon boot, kenako physio, imene mbali yaikulu analipira yekha chifukwa pulani yake siinkafika kumeneko. Pa mwezi wachinayi anabwerera pa forklift. Atabwera kudzaonedwa komaliza analowa mu ofesi yanga atavala nsapato zonse ziwiri, n'kuima pa mwendo wakumanja wokha kuti ndione. Anali atabweretsa risiti ya gawo lachitatu la ngongole yake, yopindidwa kanayi m'chikwama cha pasipoti. Ndinaidinda, ndinalemba kuti kwatsala magawo atatu. Za mpira dokotala anamuuza kuti adikire kaye, ayambe ndi kuthamanga pamalo osalala. Anandipatsiranso moni wochokera kwa alamu ake.